Mwana Womupeza wa Wyson Chikadza

Wyson Chikadza anatsika ndege ku Toronto chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, atavala jekete lopyapyala la pamsika wa ku Limbe, poganiza kuti kuzizira kwa ku Canada sikungapose kwa ku Dedza mwezi wa Juni. Kwawo kunali ku Ntcheu. A mpingo ndiwo anamupezera malo oti adzaphunzire kujambula ekisire, pangano lake n'loti akamaliza abwerere kukagwira ntchito pachipatala cha mishoni. Koma sanabwerere.

Chaka cha 1970, maphunziro atatsala pang'ono kutha, mkulu wake Lameck, amene anali mphunzitsi wa pulayimale, anatengedwa pasukulu masanasana ana akuona. Mlandu wake palibe anaunena. Ena ankanong'ona kuti anaseka pamsonkhano wa chipani, ena ankati anachedwa kugula khadi. Mayi awo anatuma m'busa wina wopita ku Lusaka kuti akaimbe foni ku Canada, ndipo uthenga unali waufupi: Wyson akhale komweko, asayerekeze kufunsa za mkulu wake.

Anamvera. Anapeza ntchito pachipatala china ku North York, n'kuchita lendi kachipinda m'nyumba yosanja pafupi ndi pokwerera basi. Anali munthu waulemu, wa mawu apansipansi. Tsiku lonse ankangobwereza zomwezo kwa odwala: "Kokani mpweya. Gwirani pomwepo. Pumani tsopano." Amalawi mumzindamo anali owerengeka, ndipo Loweruka lina pamwezi ankakumana ku Etobicoke kwa Zelipa, namwino wa ku Thyolo amene onse ankamutcha achemwali. Fulati yake inali pafupi ndi bwalo la ndege, moti mawindo ankanjenjemera ndege ikamatera. Kumeneko ankacheza za mpira, za nsapato za m'chisanu, za mabwana a kuntchito. Wina akangotchula boma la kwawo, Wyson ankayamba wayang'ana kuchitseko, kenako n'kunyamuka kukatsuka matambula.

Hilda anamudziwira kuntchito. Anali wa ku Jamaica, wothandiza anamwino, ndipo ndiye ankakankha odwala panjinga kuchokera kuwodi kupita nawo ku ekisire. Munthu ankamva kuseka kwake chikepe chisanatseguke. Tsiku lina m'kantini anatambasula nyuzipepala ya kwawo, imene ankagula kugolosale ina pamsewu wa Eglinton, n'kuyamba kunyoza nduna ina ya boma lake mokweza mpaka a patebulo lina anatembenuka.

"Mayi, tsitsani mawu," anatero Wyson, supuni ili m'malere.

"Nditsitsire chiyani?"

"Munthu sudziwa amene akumva."

"Amve! Akaiuze ndunayo kuti Hilda wa ku Kingston wati ndi mlesi wovala tayi. Mayi anga anaima pamzere dzuwa lonse kuvotera anthu amenewa. Chisankho chikubwerachi akawachotsa ndi dzanja lomwelo."

Wyson anamuyang'ana ngati akuona munthu woyenda pamoto osapsa. Kuyambira tsiku limenelo ankapeza chifukwa chodyera nkhomaliro nthawi imodzi ndi Hilda.

Patapita nthawi Wyson anamufunsira Hilda. Anali atakhala pabenchi m'paki, masamba akuyoyoka, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu ake anatsika.

"Pali chimene simukudziwa. Ndili ndi mwana wamwamuna, dzina lake Linval. Ndinamubereka ndili mtsikana, ali kwa mayi anga. Pobwera kuno ndinabwera ngati wantchito wa m'nyumba, ndipo nthawi imeneyo sankatenga mkazi wa mwana. Ndinanena kuti ndilibe. Kwa boma la kuno, mwana wanga kulibe."

Wyson anatembenukira kwa iye. "Kwathu ukakwatira mkazi ali ndi mwana, mwanayo ndi wako," anatero. "Basi ndili ndi mwana wamwamuna."

Anakwatirana chaka cha 1971. Zelipa ndiye anaima ngati wa kuchimuna, ndipo anaphunzitsa Hilda mawu awiri atatu a Chichewa oti azidzidzimutsa nawo mwamuna wake.

Kumayambiriro kwa chaka chotsatira anapita ku Kingston kukaonekera kwa apongozi. Mayi ake a Hilda, amene anthu onse a m'kanjirako ankawatcha Misi Alice, ankakhala kumadzulo kwa mzinda, m'nyumba yamatabwa yozingidwa ndi mpanda wa malata. Pabwalo panali mtengo wa mango ndi mpopi wogawana mabanja anayi. Wyson atangopuma mpweya wa kumeneko, fungo la makala ndi nsomba zouma, anamva ngati watsika basi pa Ndirande.

Linval anali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu, wamtali, woonda, wamanyazi. Pansi pa bedi lake panali podzaza ndi mawailesi akufa amene ankatola n'kumawaukitsa. Anapereka moni kwa Wyson ataweramitsa mutu, n'kumutcha Misita Wyson. Koma atangoona kuti mlendoyo akudziwa kusiyanitsa mawaya, manyazi anatha, ndipo masana onse awiriwo anagwada pakhonde akupasula wailesi ya m'busa.

Anafika m'nyengo ya chisankho. Magalimoto a zokuzira mawu ankadutsa, uku ena akuimba zotamanda chipani chawo, uku ena akuwakuwiza. Tsiku lovota Linval anaperekeza bambo ake omupezawo kukaona mzere wa anthu pasukulu. Panali agogo a ndodo, amayi a madengu, anyamata a m'magalaja, onse akukangana poyera. Panalinso zina. Pakona ina anaona wapolisi akumenya mbama mnyamata wa tsitsi lopotana popanda chifukwa chooneka, ndipo Linval anamukoka malaya kuti adutse mbali ina. Wyson anaziona, koma mtima wake unali kumzere kuja.

M'mawa mwake wailesi inalengeza kuti chipani cholamula chagonja, ndipo atsogoleri ake avomereza. Anthu anatuluka m'misewu akumenya zivundikiro za mapoto. Wyson anatembenukira kwa apongozi ake.

"Ndiye ogonjawo awamanga liti?"

Misi Alice anaseka mpaka kutsokomola. "Awamangire chiyani, mwana wanga? Apita kukakhala mbali inayo ya nyumba ya malamulo, azikalongolola kumeneko mpaka tidzawafunenso."

Wyson anadzuka ngati akupita kumpopi, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Hilda anamupeza atatsamira malata, misozi ili chuchuchu.

Madzulo a tsiku lomaliza anakambirana za Linval. Hilda ankafuna kuti akangofika ku Toronto akaulule zonse, ayambe kumuitanitsa. Misi Alice anaopa kuti bodza lija likadziwika, mwana wawo adzathamangitsidwa ku Canada, onse n'kusowa pogwira. Onse awiri anayang'ana kwa Wyson.

"Tisathamange," anatero iye. "Ayambe wamaliza sukulu, aphunzire ntchito yake ya magetsi, ifenso tikhazikike. Mwanayu sali pamoto. Ali m'dziko laufulu."

Ananena zimenezo ndi mtima wonse, ndipo Hilda anavomera.

Chaka cha 1973 anabereka mwana wamkazi, Mercy, n'kusamukira mu fulati yokulirapo. Khirisimasi ikamayandikira ankadzaza mgolo wotumiza ku Kingston: mpunga, mafuta, nsalu ya Misi Alice, nsapato za Linval. Pamwamba pake Wyson ankaikapo zake, mawaya, timababu, chowotcherera mawaya chatsopano chimene anachisaka m'masitolo Loweruka lonse. Lamulungu lina pamwezi, akaweruka kutchalitchi, ankaimba foni kusitolo ya pakona pa kanjira kaja, ndipo mwini sitoloyo ankatuma munthu kukaitana Linval. Mnyamatayo anamaliza sukulu, n'kuyamba ntchito kwa mkulu wina wokonza mawailesi ndi zokuzira mawu za pamadansi.

Koma nyuzipepala ya pa Eglinton inayamba kusintha nkhope. Ku Jamaica zinthu zinadula, ntchito zinasowa, mfuti zinalowa m'makomboni. Tinjira tinagawanika: aka n'ka chipani ichi, ako n'ka chipani icho, ndipo mnyamata akawoloka msewu wolakwika ankabwerako atanyamulidwa. Boma linakhwimitsa malamulo a mfuti. Tsamba loyamba linkadzaza ndi nkhani za anyamata ophedwa powomberana ndi apolisi. Hilda ankawerenga akupukusa mutu.

"Zitha izi," ankatero. "Anthu a kwathu sapusa. Akavota zitha."

Komabe chaka cha 1975 anapita kwa loya kukayamba nkhani yoitanitsa Linval. Loyayo anati n'zotheka koma zimafuna kuyenda mosamala, ndipo zinayendadi pang'onopang'ono ngati bilimankhwe.

Pakati pa chaka cha 1976 boma la Jamaica linalengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo apolisi ndi asilikali anapatsidwa mphamvu yosunga munthu popanda kumutengera kukhoti. Patangopita masabata ochepa, foni inalira Wyson akudyetsa Mercy phala. Anali Misi Alice, akulankhula mopuma befu. Dzulo lake masana asilikali anatseka kanjira konse, n'kukweza mulole mnyamata aliyense amene anamupeza. Linval anamutulutsa m'shopu muja chowotcherera chili m'manja. Kumene anapita naye, palibe ankadziwa.

Hilda atabwera kushifiti n'kumva, sanakhale pansi. Anayamba kutchula anthu oti awaimbire: loya wa ku Kingston, mtolankhani, m'busa, phungu wa dera lawo.

"Mayi a Mercy, dikirani," anatero Wyson. "Zinthu ngati izi sizifuna phokoso. Mukatchula dzina lake paliponse, mumuika chizindikiro. Amene akumusungawo akakwiya, akakwiyira iye. Tikhale phee, tipemphere. Akaona kuti alibe mlandu amutulutsa."

Hilda anamuyang'ana ngati sakumudziwa.

"Uku si kwanu, Wyson. Kwanu munthu amasowa ngati nkhuku, inu n'kumatsuka matambula. Mwana wanga si nkhuku."

Mawuwo anamulasa. Anavala jekete n'kutuluka, n'kukwera basi osadziwa kumene akupita, mpaka anapezeka ali pakhomo pa Zelipa. Anafotokoza zonse, akuyembekeza kuti mnzake wa kwawo amumvetsa. Zelipa anamuthirira tiyi, n'kudikira ndege ina idutse.

"Achimwene, musandikwiyire. Ife tinakhala phee. A Lameck anatuluka?"

Zelipa anamusunthira kapu ya tiyi pafupi, n'kupitiriza.

"Chete wathuyu sitinachite kusankha, anachita kutimwetsa. Alamu anga ali ndi kokafuula. Asiyeni afuule, ndipo inu mukaime pambali pawo. Mercy mubwere naye kuno, ndizimubebisita."

Wyson anabwerera kunyumba, napeza Hilda ali pafoni, maso ali psuu. Anakoka mpando n'kukhala pafupi naye. Mawa lake Wyson ndiye anaimbira loya wa ku Kingston. Loweruka lotsatira, anthu a ku Jamaica amene abale awo anatsekeredwa anaima ndi zikwangwani m'mbali mwa msewu pakati pa mzinda wa Toronto, ndipo Wyson anali pomwepo, chipewa atachikokera kumaso, chikwangwani cha dzina la Linval atachikweza pamwamba. Munthu wa kamera akayandikira, ankatembenuzira nkhope kumbali, koma chikwangwanicho sanachitsitse.

Phokosolo linagwira ntchito yake. Loya anapeza kumene Linval ankasungidwa. Nyuzipepala inalemba dzina lake pamodzi ndi a anzake, n'kufunsa boma kuti mlandu wawo n'chiyani. Misi Alice analoledwa kukamuona, atanyamula buledi ndi malaya. Wyson anawerenga nkhaniyo kangapo ali m'sitima ya pansi, akudabwa kuti pepala lingalembe zotere mkonzi wake n'kukagona kunyumba kwake.

Koma miyezi inapitabe. Linval anatulutsidwa chisankho cha kumapeto kwa chaka chitadutsa, popanda mlandu, popanda wopepesa. Lamulungu loyamba anaimba foni kusitolo kuja. Hilda analankhula naye akulira ndi kuseka nthawi imodzi, kenako anapatsira mwamuna wake.

"Linval, mwana wanga, uli bwanji?"

Kunali zii. Kenako kunamveka kukhwekhwereza, ngati wina akusamutsa foni.

"Lankhulaninso, Papa. Khutu lakumanzereli silikumva. Anandimenya ndi chigunda cha mfuti tsiku loyamba lija."

Aka kanali koyamba kumutcha Papa. Wyson anafuna kunena zambiri, koma chinatuluka n'chakuti: "Tikutenga. Usadandaule, tikutenga."

"Ndikudikira," anatero Linval. "Kuno ndikamaona jipi ya apolisi, ndimangoweramitsa mutu."

Chaka chonse cha 1977 chinathera m'maofesi. Hilda anaulula za bodza lake lija, ndipo mwamwayi sanathamangitsidwe. Koma tsopano panafunika umboni wa apolisi a kwawo woti mnyamatayo alibe mbiri yoipa, ndipo dzina lake linali pakati pa amene anatsekeredwa. Uku ankati dikirani, uko ankati bwerani mwezi wamawa. Wyson anagula bedi, n'kuliika m'chipinda chimene ankasungiramo katundu. Anakafunsanso kukoleji ina za maphunziro a zamagetsi. Mercy, amene anali asanaonepo mchimwene wake, ankauza aliyense m'chikepe kuti, "My brother is coming on a plane."

Uthenga unafika chaka cha 1978, m'nyengo imene chipale chofewa chimasungunuka misewu n'kudzaza matope. Wyson anali m'chipinda chojambulira, atangoimika gogo wina pamakina, pamene anamuitana kufoni. Anali mwini sitolo ya pakona uja wa ku Kingston. Misi Alice sankatha kulankhula.

Linval anali akupita kuntchito m'mawa, chikwama cha zipangizo chili paphewa. Jipi ya apolisi inatulukira kumbuyo kwake, mbali ya kumanzere. Mayi wina wogulitsa malalanje pamsewupo anamva wapolisi akufuula kuti aime. Linval sanatembenuke, anangopitirira ndi ulendo wake. Anamuwombera. Madzulo ake wailesi inalengeza kuti chigawenga china chaphedwa powomberana ndi apolisi, ndipo pambali pake papezeka mfuti.

Wyson anabweza foni pamalo pake. Anabwerera kukamaliza kujambula gogo uja, chifukwa anali ataima pamenepo malaya ali m'manja. Atatero anakwera masitepe kupita kuwodi ya Hilda. Anamupeza akuyala bedi. Hilda anangoona nkhope yake, n'kukhala pansi pasimenti, nsalu ya bedi ili m'manja. Kulira kwake kunamveka mpaka kuchikepe.

Mercy anamusiya kwa Zelipa, iwo n'kuuluka kupita ku Kingston. Kanjira kaja sanakazindikire. Nyumba zina zinali zitapsa, makoma olembedwalembedwa mayina a zipani, pakhomo pa kanjirako atatchingapo magalimoto akutha ndi migolo. Anyamata ovala magalasi akuda anawafunsa kuti ndi ndani asanawalole kudutsa. Misi Alice anali atakalamba zaka khumi nthawi imodzi.

Kunyumba yachisoni kunafunika wachibale wokazindikira thupi, ndipo Wyson anauza mkazi wake kuti atsale panja. Anali atazolowera kuona matupi a anthu, amoyo ndi akufa, koma apa anayamba wagwira m'mphepete mwa tebulo. Mnyamata woonda uja anali atasanduka bambo wa ndevu zake. Wyson anapempha wantchito wa mmenemo kuti amutembenuze. Mabala onse anali kumsana. Atatuluka, Hilda anamufunsa ndi maso okha.

"Ndi iyeyo," anatero. "Sanawaone n'komwe."

Pamaliro anthu anadzaza bwalo mpaka kumsewu. Anaimba nyimbo za tchalitchi zimene Wyson ankazidziwa m'Chichewa, ndipo iye anaziimba m'Chichewa momwemo, chapansipansi. Kumanda m'busa anafunsa kuti bambo a malemu ali kuti. Wyson anayang'ana uku ndi uku, kufikira Misi Alice anamukankha pamsana. Anatola dothi, lofiira ngati la ku Ntcheu, n'kuliponya pabokosi.

Nyuzipepala imene inalemba kuti Linval anali chigawenga inalembanso mawu a agogo ake okana zimenezo. Loya wamkazi wa bungwe lina loona za ufulu wa anthu anabwera yekha kudzatenga nkhaniyo, osalipiritsa. Anati lamulo likufuna kuti khoti lifufuze imfa yotere, ndipo mayi wa malalanje wavomera kukachitira umboni. Hilda anauza mwamuna wake kuti sachoka mpaka khotilo likhale. Wyson anabwerera yekha ku Toronto, kuntchito ndi kwa mwana.

Khoti linaika tsiku, n'kulisuntha. Linaikanso lina, wapolisi wofunika anali patchuthi. Lina, woweruza anadwala. Hilda anapempha tchuthi chowonjezera kuchipatala mpaka anamulembera kuti malo ake aikapo wina. Pafoni mawu ake anali ouma. Ankafunsa ngati Mercy akudya, ngati wagulidwa nsapato za m'chisanu, basi. Za mawu aja amene Wyson ananena tsiku lomaliza kwa Misi Alice, akuti mwanayu sali pamoto, sanawatchulepo ngakhale kamodzi. Wyson ankalakalaka atawatchula, amukalipire, zithe. Bedi lija analipereka kutchalitchi, kenako anadandaula kuti walipereka msanga.

Mlandu unakhala chaka cha 1979, ndipo Wyson anakwera ndege kukakhala nawo. Chipinda cha khoti chinali chotentha, chokupizira mphepo chikuzungulira mwaulesi kudenga. Anaona ndi maso ake loya wamkazi uja akuimika wapolisi wa yunifolomu, n'kumufunsa kuti munthu amawombera bwanji apolisi atawafulatira. Wapolisiyo anatuluka thukuta, anayankha zosagwirizana. Dzina la Linval linatchulidwa mokweza, kalaliki akulemba. Wyson anayamba kukhala ndi chiyembekezo. Kenako kalaliki anaitana mboni, mayi wa malalanje. Anaitananso. Sanabwere. Zinamveka pambuyo pake kuti anthu ena anamuyendera kunyumba, ndipo anathawira kumudzi kwa abale ake, kumapiri. Khoti linagamula kuti palibe munthu amene angaimbidwe mlandu pa imfayo.

Panja, pamasitepe a khoti, panali amayi ena atakhala ndi zithunzi za ana awo m'manja, akudikira milandu yawo. Ankamudziwa Hilda ndi dzina. Mmodzi anamusunthira malo, ndipo Hilda anakhala pakati pawo ngati munthu wofika pakwawo. Wyson anaima patsogolo pake, chipewa chili m'manja.

"Tiyeni kunyumba, mayi a Mercy. Mwana akukufunsani tsiku lililonse."

"Loya akuti pali khoti lina lapamwamba."

"Ndipo likakana limenelo?"

"Likakana, likane ndili pomwepo." Anapukuta nkhope ndi mpango. "Ndinamusiya ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, Wyson. Ndinauza azungu kuti kulibe. Sindimusiyanso kachiwiri. Mayi anganso miyendo yatupa, sangathe kutunga madzi. Mundilerere mwanayo. Ndibwera."

Wyson anatsikira pansi pambali pake. Anakhala naye pamasitepepo mpaka dzuwa linapendeka.

Ku Toronto moyo unafunika kuusokanso. Anapempha kuti amuchotse pa mashifiti a Loweruka ndi Lamulungu. Anaphunzira kuchapa madiresi osawasandutsa mtundu, kukonza kamba wa kusukulu, kupita kumisonkhano ya makolo kumene bambo anali iye yekha. Chimene chinamukanika ndi tsitsi. Mercy ankapita kusukulu mutu uli nyankhalala, mpaka mphunzitsi anafunsa ngati kunyumba kuli bwino. Zelipa atamva anati abwere naye Loweruka m'mawa, adzaphunzire kuluka.

Linali tsiku la mwezi wa Novembala, kunja kuli mbuu. Mercy anakhala pansi pakati pa mawondo a bambo ake, Zelipa ataima kumbuyo akulangiza.

"Gawani patatu, achimwene. Osakoka, mumupweteka. Ili pansi, ili pamwamba. Eya, choncho."

Zala za Wyson zinali zolimba, chingwe choyamba chinatuluka chokhota. Mercy anakhala duu, akusewera ndi chipeso. Kenako anafunsa m'Chingerezi, osatembenuka, ngati Linval anali munthu woipa. Mnzake wina kusukulu anamuuza kuti apolisi amawombera anthu oipa okha.

Manja a Wyson anaima.

"Ayi, mwana wanga. Sanali woipa. Ankapita kuntchito."

"Then why, Daddy?"

Zala za Wyson zinangokhala pamutu pa mwanayo, osaluka. Zelipa anagwada, n'kutenga tsitsi lija m'manja mwake mwakachetechete.

"Pitani mukateleke tiyi, achimwene," anatero. "Mzere uwu ndimaliza ndine. Winawo ndi wanu."

Anapita kukhitchini, anatsegula mpopi, n'kuusiya ukuthira kwa kanthawi. Atabwerako analuka mzere wake, ndi winanso, mpaka mutu wonse unatha. Sizinali zokongola, koma zinakhala sabata yathunthu.

Zaka za m'ma 1970 zinatha Hilda akadali ku Kingston. Khoti lapamwamba linali lisanaike tsiku, chisankho china chinali m'njira, ndipo m'makomboni mfuti zinkalira kuposa kale. Ankaimba foni Lamulungu, n'kulankhula nthawi yaitali ndi Mercy, yochepa ndi mwamuna wake. Ukwati wawo palibe anauthetsa. Anthu akafunsa Wyson kutchalitchi kuti mayi abwera liti, ankayankha mwaulemu kuti akumalizitsa za maliro, n'kugwira mwana wake padzanja kupita kukadikira basi.